Ndalama za medical aid zikubwera zoperewera: kodi ndi chindapusa cholandirira pa banki?

Funso, Wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, chipatala chaching'ono chapulaiveti kuno ku Zomba chikatumiza claim (bilu ya odwala amene chathandiza) ya K2,000,000 ku medical aid, mu akaunti n'kulowa yoperewera, vuto limakhala pati? Ena akuti makampaniwa amadula ndalama chifukwa cholipira kudzera pa banki, ngati ku America.

Akauntanti wa ku Matawale:
Za ku America n'zoona, koma tisasokoneze. Kumeneko kampani ya inshuwalansi imalemba ntchito kampani ina yoti izitumiza ndalama. Imeneyo imatumizira dokotala nambala ya khadi ya manambala 16 pa fax kapena imelo, yogwira kamodzi kokha. Dokotala akaiika pa makina olipirira ndi khadi (POS), amamudula ngati mwini sitolo, mpaka 5%. Pa K2,000,000 yanuyo, 3% yokha ndi K60,000, ndalama yake yomwe! Lamulo lawo kuyambira 2014 limati dokotala akapempha kulipidwa molunjika mu akaunti, kampani isakane, koma ProPublica, bungwe la atolankhani la kumeneko, inalemba mu 2023 kuti ngakhale njira imeneyo ena amadulapo. Zonsezi n'zakwawo.

Mayi a ku Kalimbuka:
Achimwene, musayambe ndi banki. Pemphani remittance advice, pepala losonyeza claim iliyonse ndi zimene alipira, muiyike pambali pa statement ya banki. Zikafanana, banki sinadule kanthu, ndalama zachepera kwa otumiza. Kawirikawiri mupeza kuti mtengo wanu unaposa tariff yawo (mitengo imene a medical aid amalipira), ndiye shortfall, ndalama yotsalayo, mumayenera kutenga kwa wodwala tsiku lomwelo asanatuluke pakhomo (kumulondola pambuyo pake, iwalani). Kapena claim ina anaikana: nambala ya membala yolakwika, siginecha ya wodwala palibe, benefit yake (ndalama imene medical aid imamulola kugwiritsa ntchito) inatha, kapena munatumiza mochedwa. Zokanidwa chifukwa cha mapepala zimakonzeka, bola muchite changu masiku a mu mgwirizano wanu asanathe.

Akauntanti wa ku Matawale:
Ndaiwala withholding tax, msonkho umene wolipira amaduliratu asanakutumizireni ndalama. Ngati adula imeneyo, akupatseni satifiketi yake, muzachotsere pa msonkho wanu ku MRA. Amene mapepala awo a msonkho ali bwino atha kupempha exemption certificate kuti asamadulidwe.

Wa ku Chinamwali:
Nanga remittance ikasonyeza zambiri kuposa zimene zalowa?

Mayi a ku Kalimbuka:
Pamenepo ndiye pitani ku banki ndi reference number ya transfer. Akuuzeni ngati chodulacho chili pa tariff yawo, mzere uti.