Za mwendo wanga wotupa uja ndi nkhani yochepetsa thupi

Miyezi yapitayo ndinafunsa ngati munthu wa lymphoedema, matenda otupitsa mwendo chifukwa madzi a m'thupi akulephera kuyenda bwino, angachepetse thupi popanda kuwonjezera kutupako. Zikomo nonse amene munandiyankha. Zikutheka ndithu, koma pang'onopang'ono.

Chimene chinkandifooketsa kwambiri ndi sikelo. Madzi a m'mwendo amachuluka ndi kuchepa, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala, ndiye makilogalamu amakwera ngakhale wadya mosamala. A dokotala ku chipatala cha Zomba Central anandilangiza kuti ndiziyeza chiuno ndi tepi ya atelala, mwendo ndiziuyeza padera m'mawa ndisanayambe kuyenda. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti chiuno chikuphwa, ndipo mtima unakhala pansi.

Nsima sindinasiye. Ndimadya mtanda umodzi wa mgaiwa, ndiwo zochuluka: bonongwe, nkhwani, nyemba, matemba a ku Chilwa. Mandasi ndi zakumwa zotsekemera ndinaleka, mchere ndinachepetsa.

Kuyenda ndimayenda kukadali kozizira, nditamanga bandeji yothina pamwendopo, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakankhira madziwo m'mwamba. Mtunda wa ku Chawe, pa phiri la Zomba, sindinauyambe, ndimangoyenda m'misewu yosakwera ya m'tauni. Ndikabwerako ndimatsuka mwendo ndi sopo, kupukuta bwino pakati pa zala, kudzola mafuta, kenako kuusanjika pa pilo. Kachilonda kakang'ono kangalowetse tizilombo, choncho mwendo ukafiira, kutentha ndi kupweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amayi amene munafunsa za mapiritsi okodzetsa: kutupa kotereku sachotsa, musagule nokha. Mwendo wanga ukadali wotupa, koma wapepukako ndipo nsapato yayamba kulowa.