Mu ligi timamenya aliyense koma ikafika March timazilala, ndiwauze chiyani akochi?

WaMakanema:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndine wa makanema pa timu ya koleji ya hockey ya pa ayezi ku America. Sizoni yathera pomwe inathera chaka chatha, masewero oyamba a regional (gawo loyamba la chipulula cha dziko lonse), tatuluka. Mu ligi timawina bwinobwino, power play yathu (pomwe adani achepa munthu chifukwa cha chilango) inali yoopsa, anyamata angapo matimu a NHL, ligi yaikulu ya akatswiri, anawasankha kale pa draft (posankha osewera achinyamata). Kufika m'ndime yachipulula tagonja kwa timu yoti mu November sikanatipatsa vuto. Akochi akufuna lipoti Lolemba, ati ndiwaonetse pa makanema chomwe chimafa. Dzina la koleji sinditchula.

Zomwe ndaona nditataga (kuika zizindikiro pa kanema) masewero onse kuyambira February: zone entry (kulowa m'chigawo cha adani) zolowa ndi puck, kampira ka hockey, pandodo zatsika, tayamba kungoponya mkati n'kuthamangira, zomwe si masewero athu. Otchinga kumbuyo awiri oyamba mphindi zawo zakwera kwambiri, line yachinayi (gulu lomaliza la akutsogolo) ikungokhala pabenchi, ma shift (nthawi yomwe munthu amakhala pa ayezi asanasinthidwe) akutalika makamaka period yachitatu, chigawo chomaliza. Akochi ayamba kale kunena kuti ndi fitness. Ine sindikukhulupirira koma ndilibe china chowapatsa. Amene munakumanapo nazo, mumayambira pati? Musandiuze za mtima ndi njala yofuna kuwina chonde, zimenezo sindingazidule kukhala clip.

Akulu Mbewe:
Mphwanga, usavutike ndi ma clip ambirimbiri. Ndi goloboyi. Taona Denver mu 2024. Anagonjetsa UMass 2-1, Cornell 2-1, Boston University 2-1, kenako Boston College 2-0 mu fainolo. Masewero anayi, goloboyi wawo Matt Davis anamwa zigoli zitatu zokha. Boston College ija inali ndi Will Smith, Ryan Leonard, Gabe Perreault, Cutter Gauthier, ana oti aliyense amawaopa, anawombera ka 35 osachinya. Ndiye iwe ukufuna kupeza vuto pa zone entry? Lemba mzere umodzi: goloboyi wawo anaposa wathu.

Nachisale S&C:
Achimwene WaMakanema, chinthu chimodzi ndikupempheni, mawu oti fitness asalowe mu lipotilo pokhapokha muli ndi umboni wogwirika. Akangolowa, chaka chamawa mu February akochi awonjezera ma skate olanga aja, ndipo kumeneko kuli ngati kukwapula ng'ombe yomwe yatopa kale pangolo. Komanso mlandu ugwera wa ku gym, yemwe mwina sanalakwe kanthu.

Taganizani, ku koleji masewero a ligi ndi 34 kapena kupitirirako pang'ono, ambiri Lachisanu ndi Loweruka. Ku NHL ndi opitirira 80. Ndiye kuchuluka kwa masewero si nkhani. Chomwe chimachitika n'choti kutopako sikugawidwa mofanana. Anyamata anu abwino kwambiri ndi omwe amapita ku World Juniors, mpikisano wa mayiko wa osakwana zaka 20, kumapeto kwa December mpaka January, nthawi yomwe anzawo akupuma. Akabwerako alowa m'kalasi, alowa mu power play, alowa mu penalty kill (kuteteza pomwe mnzawo ali pa chilango), ndipo masewero akathina akochi amabwereza iwo omwewo. Pemphani wa ku gym akupatseni zotsatira za jump test ndi za ma monitor a mtima, muwapatule anyamatawo pawokha. Mukaphatikiza timu yonse avereji ioneka yabwino chifukwa a line yachinayi ali ndi mphamvu zosagwiritsa ntchito. Koma samalani, ma test a Lolemba m'mawa pambuyo pa ulendo wa pabasi amanama, musamangirepo nkhani yonse.

Jonazi ku Joni:
Za ayezi ine sindidziwa koma nkhaniyi ndi yomweyomweyo. Ndinagwirapo ntchito ndi timu ya mpira ya pa yunivesite ina kuno, ana aluso zedi, mu ligi amachinya ngati masewera. Kufika semifainolo kochi anachita mantha, anasiya kusintha osewera, anati ndidalira khumi ndi mmodzi anga. Mwana wina wa pakati anali ndi hamstring yovuta, ine ndinanena, physio ananena, sanamve. Chigawo chachiwiri mwanayo anakhala pansi, wolowa m'malo mwake anali asanasewereko kwa milungu, mpira umamuthawa kuphazi. Titatuluka msonkhano wake unali wofunsa chifukwa chomwe ana analibe mphamvu. Physio uja anasiya ntchito chaka chomwecho. Ndiye ndikamva kuti line yachinayi ikungokhala pabenchi, ine ndikuona chisankho cha akochi, osati mapapo a ana.

Akulu Mbewe:
A Jonazi, mu mpira mungathe kuwina goloboyi wanu atagona. Mu hockey ayi. Goloboyi.

Anaphiri:
Akulu Mbewe, ndiye mufotokoze fainolo ya 2023 ku Tampa. Minnesota inatsogola 2-0, ili ndi Logan Cooley, Matthew Knies, Jimmy Snuggerud. Sikuti goloboyi wa Quinnipiac anawatsekera, ayi, iwo eni anasiya kusewera. Quinnipiac itabweza chimodzi, Minnesota inabwerera kumbuyo kuteteza chigoli chimodzi chomwe imatsogola nacho, period yachitatu yonse puck inali mbali ya golo la Minnesota. Kochi wa Quinnipiac Rand Pecknold anatulutsa goloboyi kuti awonjezere wosewera kutsogolo, Collin Graf anabweza patatsala mphindi zosakwana zitatu, ndipo mu overtime Jacob Quillan anachinya patangotha masekondi 10. Chigoli chimenecho chinachokera pa faceoff (kulimbirana puck poyambitsa masewero) yomwe anachita kuikonzekera ku training.

Pamenepa ndi pomwe ine ndimaima. Timu yaluso yomwe chaka chonse imawina ndi zigoli zambiri siidziwa kukhala m'masewero a 2-1. Siinazolowere. Ikatsogola pang'ono imayesa kusewera masewero otseka omwe sinawaphunzire, ikatsalira imayamba aliyense kufuna kupulumutsa timu yekha, shift n'kutalika. Zomwe WaMakanema waona zija, kuponya puck mkati m'malo molowa nayo, ine ndikuziwerenga ngati mantha olakwitsa pa blue line, mzere wolowera m'chigawo cha adani. Palinso msinkhu. Nyenyezi zimabwera zili ndi zaka 18, zikhala chaka chimodzi kapena ziwiri n'kupita. Matimu enawa amatenga anyamata omwe anayamba atha zaka zingapo ku junior, maligi a achinyamata, amalowa koleji ali ndi zaka 20 kapena 21, pofika chaka chomaliza ndi azibambo a zaka 24 omwe asewera limodzi nthawi yaitali. Pa khoma, pa faceoff, kutsogolo kwa golo, kusiyana kumeneko kumaoneka.

WaMakanema:
Zikomo nonse koma Akulu Mbewe, goloboyi wathu anasewera bwino tsikulo, sindingamuponye pansi pa chinthu chomwe sanalakwe. A Nachisale, wa ku gym ndamulembera, sanayankhe, ndikuganiza kuti wamva kale komwe mphepo ikulowera. Anaphiri, za masewero othina ndizoona, ndabwerera kuona, ambiri omwe tinawina ndi chigoli chimodzi tinawina mu overtime ya atatu atatu. Ndiika zimenezo. Koma ndikanena kuti benchi inafupikitsidwa ndiye kuti ndikuloza akochi omwe apempha lipotiwo. Ndilemba bwanji?

Gondwe Analytics:
Pa overtime mwagwira chenicheni. Mu ligi ndi mphindi zisanu atatu atatu, malo ambiri, waluso amawala. Mu chipulula ndi asanu asanu, mphindi 20, kubwereza mpaka wina achinye. Ndiye ma win ena omwe anakukwezani pa masanjidwe anachokera ku masewero omwe mu March kulibe. Chitaninso chimodzimodzi ndi power play: chotsani zigoli zake zonse, muone kuti asanu asanu munali timu yotani. Makochi ambiri amadandaula kuti oyimbira amameza wezulo mu chipulula. Musalembe zimenezo ngati mfundo, werengani nokha kuti munapeza ma power play angati pa masewero mu ligi ndi angati mu March.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Mpikisanowu ndi wa matimu 16, ukagonja kamodzi wapita. Mukufuna kufotokoza zaka ziwiri ndi masewero awiri. Ku NHL timu yabwino ili ndi masewero mpaka asanu ndi awiri kuti luso lake lionekere, kuno ili ndi mphindi 60 ndi puck yomwe imagunda skate ya munthu n'kulowa. Holy Cross inatulutsa Minnesota mu 2006. RIT (Rochester Institute of Technology) inatulutsa Minnesota State mu 2015, Minnesota State ili nambala wani. St. Cloud State inali nambala wani m'dziko lonse mu 2018 ndi 2019, inagwa masewero oyamba kwa Air Force kenako kwa AIC (American International College). Mbali inayi, Yale mu 2013 ndi Minnesota Duluth mu 2018 analowa movutikira kumapeto kwa mndandanda n'kutenga chikho. Mukakhala pa makanema usiku wonse mudzapeza chifukwa ndithu, chifukwa mukuchifuna. Funso n'loti chinthu chomwecho chinalipo m'masewero omwe munawina? Ngati chinalipo, si chimenecho. Tengani masewero omwe munavutika nawo mu ligi kwa matimu otseka pakati, muwaike pambali pa a regional. Apo mwina muona chinthu chobwerezeka.

Akulu Mbewe:
A Gondwe mwandithandiza osadziwa. Masewero amodzi, ndani amaba masewero amodzi? Munthu mmodzi yekha pa ayezi ndi amene sachoka mphindi 60 zonse. AIC inawina 2-1 St. Cloud ikuwombera usiku wonse. Mukuti ndi chiyani chimenecho?

Tembo wa ku Minnesota:
Pa St. Cloud ndiwonjezereko. Bwalo lawo pa zaka zimenezo linali lalikulu la Olympic, mafiti 200 ndi 100, pomwe ma regional amaseweredwa kwambiri pa la NHL, 200 ndi 85. Mafiti 15 amenewo kwa mwana wozolowera kuzungulira kunja ndi ambiri, amapezeka wafika kale pa khoma munthu ali pa iye. Minnesota nayo inali ndi bwalo lalikulu ku Mariucci mpaka analichepetsa mu 2023. WaMakanema, ngati kwanu bwalo ndi lalikulu, gawani ma entry anuwo a pakhomo ndi a koyenda. Koma musaitenge ngati yankho. Michigan imasewera pa bwalo la muyezo wa NHL, mu 2022 inali ndi anayi mwa asanu oyamba a draft ya 2021, Owen Power, Matty Beniers, Luke Hughes ndi Kent Johnson, koma inagwa kwa Denver 3-2 mu overtime pa semifainolo. Inabwereranso ku Frozen Four, ndime ya matimu anayi omaliza, mu 2023 ndi 2024, n'kugwa pa semifainolo pomwepo. Chikho chawo chomaliza pa nthawiyo chinali cha 1998.

Ndipo ine mawu oti kuzilala ndimawakayikira pa matimu ngati amenewa. Kufika Frozen Four zaka zitatu zotsatizana si kulephera. Vuto n'loti anthu akaona mayina a draft amayembekeza chikho basi.

Anaphiri:
Pali nkhani inanso yomwe anthu amanong'onezana, yoti ana a draft amakhala mwendo umodzi uli kale ku NHL, mafoni a ma advisor akulira. N'zoona kuti sizoni ikangotha amasaina msanga, Knies ndi Brock Faber anali atavala kale ma jersey a Toronto ndi Minnesota Wild patangopita masiku ochepa fainolo ija itatha. Koma achimwene, izi musalembe. Simungazionetse pa kanema, ndipo lipoti limayenda. Likafika kwa mwana yemwe anasewera ndi phewa lomangidwa tepi, mwataya ulemu wanu mu dressing room mpaka kalekale. Ine ndinawamangapo ana otere ndisanawatulutse, ndikudziwa momwe amalirira akagonja.

Nachisale S&C:
Pa funso lanu lolemba bwanji: musalembe chiganizo chilichonse chokhala ndi mawu oti akochi. Ikani tebulo la mphindi za munthu aliyense, October mpaka January mbali imodzi, February mpaka kumapeto mbali ina. Pansi pake kutalika kwa ma shift. Pansi pake zigoli zomwe munamwa shift itapitirira mphindi imodzi. Aone okha. Ndipo musakapereke pamaso pa ma assistant onse, pemphani muonane awiri kaye. Munthu akachititsidwa manyazi pagulu amateteza chisankho chake ngakhale akudziwa kuti chinali cholakwika. Chinanso, muuzeni wa ku gym zomwe mwalemba musanapereke, asazimvere kwa ena.

Gondwe Analytics:
Onjezerani: musalonjeze kuti akakonza izi chaka chamawa mudutsa. Angathe kukonza zonse n'kugwabe 2-1. Mukalonjeza, chaka chamawa lipoti lidzakhala la inu.

Akulu Mbewe:
Ndiye mulembe zonsezo, matebulo, mafiti a bwalo, ma jump test. Koma pansi penipeni musiye malo a funso limodzi: mu recruiting chaka chino ndalama ndi nthawi yochuluka yapita kwa omwetsa zigoli kapena kwa goloboyi? Ndipo wachiwiri wake anasewera kangati? Mukamutha woyamba pofika February musadabwe.

Jonazi ku Joni:
Apa pokha Akulu mwanena zoona, ndi nkhani ya benchi yomwe ija. A Gondwe, pepani ndipatuke pang'ono, inu mumataga ndi chiyani masiku ano? Kuno Hudl, pulogalamu ya makanema a masewero, yatikwerera mtengo, ndipo pali mnzanga ku Blantyre yemwe amaphunzitsa hockey ya pabwalo, masewero ake amajambula ndi foni ali pamwamba pa galimoto. Pali pulogalamu yaulere yomwe ingalandire kanema wotero osafuna intaneti nthawi zonse?