Chidwi cha gule wa ku Ireland chandithera: ndipume kapena ndipirire?

Tadala M.

Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene mumavina gule wa ku Ireland, makamaka amene munadutsapo pa gawo la preliminary championship, lomwe ndi gawo la mipikisano limene wovina amadutsamo asanafike pa gawo lapamwamba kwambiri. Ndinayamba kuvina ndili mwana ndipo magawo oyambirira ndinkawadutsa mosavuta, koma chifikireni pa gawo limeneli zinthu zangoima. Pa feis (mpikisano wa guleyu) iliyonse dzina langa limatuluka pakatikati pa mndandanda, sindikwera komanso sinditsika kwenikweni, ndipo pa Oireachtas (mpikisano waukulu wa pachaka) yapitayi sindinakhale m'gulu la osankhidwa kuti akavine m'ndime yachitatu, ya set dance, gule amene munthu amavina yekha pa nyimbo yakeyake. Anzanga amene tinayambira limodzi anakwera kale kupita ku open championship, gawo lapamwambalo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si zotsatirazo, koma kuti chilakolako chenichenicho chatha. Kale ndinkangoti ndikamva nyimbo ya reel, mapazi ankayamba okha kugunda pansi ngakhale nditakhala pampando, koma masiku ano nsapato zolimba zimagona m'chikwama kuchokera tsiku la kalasi mpaka kalasi ina. Misongolo nayonso yayamba kundipweteka ndikavina hornpipe, gule wa nsapato zolimbazo, mpaka kumapeto. Kodi ndipume kaye, ndisinthe sukulu, kapena ndingopirira n'kumapitabe?

Nambewe

Achemwali, musanaganize zosiya, muyambe mwaonetsetsa mmene mapointi amawerengedwera pa mipikisano imeneyi, chifukwa ambiri amene amagwa ulesi pa gawo lanuli amakhala akudziyeza ndi muyeso umene sungawauze zoona za kavinidwe kawo. Woweruza aliyense amapereka mamalikisi ake, kenako amandandalika ovina kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo malo amenewo ndi amene amasandulika mapointi: woyamba 100, wachiwiri 75, wachitatu 65, wachinayi 60, wachisanu 56. Mukamatsika mndandandawo kusiyana kumacheperachepera, mpaka pakatikati pamene muli inupo malo amodzi amasiyana ndi otsatira ake ndi pointi imodzi yokha. Choncho nambala imene mumalandira ikunena za amene anabwera tsiku limenelo komanso za maso a oweruza amene anakhala kutsogolo kwanu. Mukhoza kukhala kuti mwawongola zinthu zambiri chaka chino koma nambala n'kukhalabe yomweyo, poti anzanu a msinkhu wanu nawonso sakugona.

Ine ndingakulangizeni kuti mudzipezere muyeso wanuwanu. Sankhani sitepe imodzi ya hornpipe, muike foni pansi potsamira khoma kuti izijambula mapazi okha, ndipo muvine sitepeyo mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Mukamaonera vidiyoyo musadziweruze thupi lonse, koma muyang'ane chinthu chimodzi basi: kodi phazi la kumbuyo likulozabe kunja, kapena limawongoka mukangonyamuka? Kodi mawondo akupingasana mpaka kusaoneka mpata pakati pake? Kodi ma treble (kugunda pansi mofulumira ndi nsonga ya nsapato) a phazi lamanzere akumveka mofanana ndi a lamanja, kapena kugunda kwina kukumezeka? Kwa ambiri a ife phazi lamanzere ndi limene limabisa ulesi. Pa mpikisano hornpipe imaimbidwa pa liwiro la 113 ndipo treble jig, gule winanso wa nsapato zolimba, pa 73 (manambalawa amasonyeza kufulumira kwa nyimbo pa mphindi imodzi), koma poyeserera tsitsani liwirolo mpaka kugunda kulikonse kumveke pakokha, kenako muzilikweza pang'onopang'ono. Pakatha mwezi mujambulenso sitepe yomweyo pamalo omwewo, n'kuika mavidiyo awiriwo pamodzi. Kusintha kumene mudzakuone ndi maso anu palibe woweruza amene angakuchotsereni.

Bambo a Chikondi

Malangizo a Nambewe ndi abwino, koma ine ndikuona kuti adumpha mawu amene andigwira mtima kwambiri m'funso lanu, omwe ndi a misongolo. Sindine wovina, ndine kholo limene lakhala nthawi yaitali m'makonde a maholo a feis litanyamula chikwama cha diresi ndi wigi, ndipo ndaona ana ambiri amene ankatchedwa aulesi pamene vuto lawo linali ululu. Munthu amene akudziwa kuti akavala nsapato zolimba amva kupweteka sangakhale ndi chilakolako chozivala, ngakhale atamulimbikitsa chotani.

Gule ameneyu amavinidwa pa zala za kumapazi, chidendene chili m'mwamba, manja ali phee m'mbali, kotero kuti kulemera konse kwa kudumpha kumathera m'mapazi, mu akakolo ndi m'misongolo. N'chifukwa chake kupweteka kwa misongolo, kwa kunsi kwa phazi ndi kwa mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene kuli kofala pakati pa ovina, ndipo ululu wa msongolo ukanyalanyazidwa ukhoza kufika poti fupa lachita mng'alu. Ngati ululuwo uli pamalo amodzi oti mungathe kuwaloza ndi chala, kapena ukupitirira ngakhale mukungoyenda, pitani kwa dokotala kapena kwa katswiri wa mafizo musanawonjezere nthawi yoyeserera. Mufunsenso kuti mukuvinira pa chiyani. Pansi pa simenti kapena pa matailosi sipabweza kanthu, mphamvu yonse imabwerera m'mafupa, pamene thabwa loyalidwa bwino limanepa pang'ono. Ngati mukukulabe, dziwaninso kuti mafupa akatalika mofulumira minofu imatsalira n'kumangika, ndipo wovina amene anali wopepuka amadzimva wolemera kwa miyezi ingapo popanda cholakwa chilichonse chimene wachita. Ine ndikuti pumani kaye, mipikisano sidzatha.

Mphunzitsi Nachisale

Za kuonana ndi dokotala ndikugwirizana nawo kwathunthu Bambo a Chikondi, koma mawu oti kupuma ndikufuna tiwamasule bwino. Kupuma ku mipikisano ndi chinthu china, kusiyiratu kubwera ku kalasi ndi chinthu chinanso. Pa ophunzira amene ndawaphunzitsa, amene anasiyiratu kubwera ambiri sanabwererenso, osati chifukwa chodana ndi gule, koma chifukwa mpweya unachepa, minofu inafooka, ndipo manyazi obwerera ali kumbuyo kwa anzawo anawakulira. Amene anangosiya kulembetsa ma feis kwa kanthawi koma n'kumabwerabe, ngakhale kudzangokhala pansi n'kumaomba m'manja motsatira nyimbo pamene mwendo ukuchira, ndi amene ndinawaona akutsitsimuka.

Mwanawe, gule ameneyu ndi wamkulu kuposa siteji ya mpikisano. Aphunzitsi oyendayenda ankaphunzitsa kale masitepe m'midzi ya ku Ireland m'zaka za m'ma 1700, pamene mpikisano wa dziko lonse, Oireachtas Rince na Cruinne, unayamba mu 1970 ku Dublin. Mu 2020 ndi 2021 mpikisano umenewu sunachitike chifukwa cha mliri wa Covid-19, mpaka unadzabwerera mu 2022 ku Belfast, ndipo m'zaka ziwirizo ovina anayenera kupeza chifukwa china chovalira nsapato. Inunso mukhoza kuchipeza.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi magule a céilí, amene amavinidwa pagulu. Mukalowa m'gulu la anthu asanu ndi atatu lovina High Cauled Cap, maganizo anu amachoka pa phazi lanu n'kupita pa mzere, pa kutalika kwa manja mukagwirana, pa kufika pamalo panu nthawi imodzi ndi mnzanu wa kutsidya. Mukajomba, anthu asanu ndi awiri amasowa chochita, ndipo zimenezi zimadzutsa munthu kuposa chikho chimene sachiona n'komwe. Njira ina ndi mayeso a magiredi a bungwe loyang'anira guleyu la An Coimisiún le Rincí Gaelacha, amene amayambira giredi 1 mpaka 12. Kumeneko simupikisana ndi munthu, woyesa amaona ngati mukudziwa zimene giredi imeneyo ikufuna n'kukulemberani ndemanga, ndipo magirediwo ndi amene amatsegula khomo la mayeso a uphunzitsi a TCRG. Mukhozanso kubwerera ku ma set akale monga St Patrick's Day, The Blackbird ndi Job of Journeywork, amene masitepe ake sasintha ndipo safuna kudumpha kwambiri, koma amaulula msanga ngati khutu lanu likumvadi nyimbo.

Za kusintha sukulu, musathamange. Pansi pa bungwe ndatchulali, wovina akasamukira kwa mphunzitsi wina nthawi zambiri amakhala miyezi 6 osapikisana, kuti aphunzire masitepe ndi kavinidwe ka sukulu yatsopanoyo. Ngati pali nkhanza kapena kunyozedwa, chokani osayang'ana m'mbuyo. Koma ngati vuto ndi kutopa ndi misongolo, mudzazinyamula popita kumeneko.

Tadala M.

Zikomo kwambiri nonse. Ululuwo ulidi pamalo amodzi pa mwendo wamanzere, choncho ndiyamba ndi kukaonana ndi dokotala, ndipo za vidiyo ndidzazichita akandilola kuvinanso. Chimene chikundivuta tsopano ndi mmene ndingawauzire aphunzitsi anga kuti sindikufuna kulembetsa ma feis akubwerawa, chifukwa anandikonzera set dance yatsopano ndipo ndikuopa kuti aona ngati ndapeputsa ntchito yawo.

Mphunzitsi Nachisale

Apempheni mphindi zochepa kalasi isanayambe kapena itatha, osati pakati pa kalasi pamene maso awo ali pa ana ambiri, ndiponso osati pa uthenga wa pafoni. Muyambe ndi nkhani ya mwendo, chifukwa imeneyo ayenera kuidziwa lero lomwe kuti asakuikeni pa mzere wa odumpha. Kenako muwauze mosabisa kuti mukufuna kukhala kunja kwa mipikisano kwa kanthawi, mutchule mwezi umene mudzakhalenso pansi n'kuunikanso nkhaniyi, ndipo munene zimene mukufuna kumachita pakadali pano, kaya ndi céilí, magiredi, kapena kuthandiza ana oyamba kumene kuphunzira light jig. Set dance imene anakukonzeraniyo siwonongeka podikira. Muwapemphe kuti muziiyenda pang'onopang'ono mutavala nsapato wamba, osadumpha, kuti dongosolo la masitepe ndi malo amene mumatembenukira zisachoke m'mutu, ndipo mukabwera ndi kalata ya dokotala muwaonetse kuti mugwirizane zoyenera kuyamba ndi zoyenera kudikira.