Kodi "kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana" n'kutanthauzanji kwenikweni?

Mwana wa ku Lizulu:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka lapitali, pamene tidasonkhana kumudzi kwathu, chakumtunda kwa msika wa Lizulu, kuthokoza Mulungu kuti bambo ndi mayi akwanitsa zaka 50 ali pabanja. Abusa atapemphera, ankhoswe a kuchikazi atalankhulanso (a kuchimuna adatisiya kale), tidapempha bambo kuti anenepo mawu. Anafe tinkayembekeza kuti ayamikira mayi mwatsatanetsatane, mwinanso kutchulako ife amene tidagula mbuzi ndi kubwereka mipando. Iwo adaimirira, nagwira ndodo yawo ndi manja awiri, natembenukira kwa mayi n'kunena kuti: "ANangozo, banja ili sitidalisunge awiriwiri ayi. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana." Atatero adaloza ndi ndodo ija gogo wina wa khomo loyandikana ndi lathu, amene adakhala pamphasa kumbuyo kwenikweni, basi n'kukhala pansi. Amayi achikulire adaimba nthungululu, mayi anga adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ife a m'tauni tidangoomba m'manja osadziwa chimene tikuombera.

Mwambiwu ndidauphunzira ku pulayimale, ndipo aphunzitsi adatiuza kuti umatanthauza kuti munthu ukalandira zabwino uzibwezanso zabwino. Pamayeso yankho limeneli munthu amakhoza nalo, koma pamaso pa bambo tsiku lija ndidaona kuti n'loperewera. Chipande chimene ine ndimachidziwa n'choomolera nsima, ndiye chikudzatani ku ndiwo? Nanga pa ndiwo zonse, bwanji makolo adasankha therere, limene ambiri amalinyoza kuti n'la tsiku losowa, osati nkhuku kapena nyemba? Ndipo amene akuyenderanawo ndani, anthu kapena zipande? Chimene chandizunguza mutu koposa n'chakuti makolo omwewo amatinso banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule. Tsono zikutheka bwanji kuti pa tsiku lokondwerera banja, bambo aloze wachitatu kuti ndiye mzati?

Mphunzitsi wopuma, Bembeke:

Mwafunsa bwino, mwanawe, ndipo poyamba ndivomere kuti nanenso ndidaphunzitsa yankho la "kubweza" kwa zaka zambiri chifukwa n'losavuta kulichonga. Koma mukamvetsetsa, mawu akuti kubweza mulibe mu mwambiwu. Muli kuyenderana, ndipo muli ka- wochepetsa uja: makolo sadanene kuti chipande kapena mphika, adati kachipande.

Kale kuno kudali chidyerano. Madzulo nyumba iliyonse inkatulutsa chimene yaphika, abambo ndi anyamata n'kudyera pamodzi pabwalo, amayi ndi atsikana paokha, kotero kuti mwana wamasiye ngakhale mlendo sankagona ndi njala, ndiponso palibe amene ankawerenga kuti nyumba yakuti yabweretsa mitanda ingati. Pambali pa zimenezi, mayi akapakula ankatuma mwana ndi tindiwo pang'ono ku khomo la mnzake, ndipo mawa kapena mkuja mwana wa kumeneko ankabwera ndi zake. Kanjira ka pakati pa nyumba ziwirizo sikankamera udzu.

Ndikuchenjezeni za kuwerengera, chifukwa chilankhulo chathu chili ndi mawu amene adaonongeka motero. Kuthangata kudali kuthandizana ntchito mwaufulu. Eni minda ikuluikulu a nthawi ya atsamunda, kumapiri a kumwera uko, atasandutsa chithandizocho kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo, mawu akuti thangata adayamba kununkha, mpaka adakhala chimodzi mwa zimene zidautsa a John Chilembwe mu 1915. Mukauwerenga mwambi wa kachipandewu ngati ngongole, mwauyika pa njira yomweyo.

Mayi wa ku Tsangano:

Aphunzitsi afotokoza bwino za pabwalo, koma za kukhitchini ndiloleni ndinene ine. Therere limene agogo athu ankanena silidali lobala lokha limene mumagula pamsika ayi. Lidali denje ndi chewe, masamba ongodzimerera okha amene mayi amathyola pobwera kumunda, osatulutsa ngakhale tambala. Ankaliphika ndi chidulo, madzi odontheza pa phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba, soda asanafale m'magolosale. Kwathu agogo adali ndi kachipande kakale kothetheka m'mbali, kamene kadasiya ntchito yoomola nsima, ndipo n'kamene ankatungira therere, chifukwa mbale zachitsulo zidali ziwiri zokha ndipo imodzi idali ya agogo aamuna. Amene adatungapo therere akudziwa kuti silidukira pomwepo; ukakweza chipande limatamuka n'kutsata, mpaka ulidule ndi chala m'mphepete. Ine ndimaona ngati makolo ankaliona limenelo ponena mwambiwu, ngakhale apa ndikulankhula maganizo anga.

Za chifukwa chimene sadatchulire nkhuku, yankho lake mayi aliyense wakumudzi akulidziwa. Mnzako akagona ndi nsima yopanda ndiwo sabwera kudzakuuza, iwe umangoona kuti utsi wa kukhitchini kwake wazima msanga. Ukamutumizira nkhuku wamuchititsa manyazi, pakuti wamuonetsa kuti wadziwa kusowa kwake, ndipo iye alibe chofanana nacho choti adzakutumizire. Koma therere ngakhale wosaukitsitsa amalipeza, choncho amalandira mutu uli chokweza, podziwa kuti mawa naye athyola lake. Wolemera ndi wosauka amalingana pa therere pokha. Mpaka lero ine mbale ya mnzanga sindiibweza yopanda kanthu, ngakhale mukhale timbatatesi titatu.

Mlimi wa ku Linthipe:

Pepani akuluakulu, ine ndisiyana nanu pang'ono, chifukwa tikamakamba zakale timakonda kuthira shuga wambiri. Kuyenderanako kudali ndi mano. Munthu wosapita pamaliro a anzake, wosasonkha ufa kapena nkhuni, tsiku likamugwera adzukulu ankakhala pansi ndi makasu awo kufikira nkhani itakambidwa kwa amfumu, ndipo m'midzi yambiri n'chimodzimodzi mpaka lero. Wokana kupita ku dima la mnzake ankati akafulula mowa wake, anthu n'kungomwa osalima ndime yooneka. Sankalemba m'kope, koma mudzi sunkaiwala. Ndiye kunena kuti munalibe kuwerengera sindikuvomereza kwenikweni.

Ndipo pamene mano amenewa adaguluka, taonani zimene zatsala. Nthawi ya a Kamuzu, pa sabata ya achinyamata tinkalambula misewu, kuumba njerwa za sukulu ndi kukonzera nkhalamba nyumba, ena mwa mtima, ena poopa malaya ofiira a achinyamata a chipani. Chisinthireni zinthu mu 1994 mantha adatha, chimene ndimathokoza, koma mjigo wa m'mudzi mwathu udakhala miyezi ingapo uli chiphwasukire chifukwa aliyense ankadikira kuti akonze ndi amene adaukumba, pamene amayi ankatunga madzi padambo pomwe pamamwa ng'ombe. Ukaitana anthu kuti tikonze mlatho wa mitengo umene ana athu omwe amaolokerapo, funso loyamba limakhala la alawansi. Njala ya 2002 ndiyo idatiphunzitsa kudyera m'nyumba chitseko chili chotseka ndi kusinja usiku kuti oyandikana nawo asamve mtondo. Kwathu kuno chidyerano chidafera pomwepo ndipo sichidadzukenso, ngakhale zaka zokolola bwino zidabwera pambuyo pake.

Mphunzitsi wopuma, Bembeke:

Bambo a ku Linthipe, za adzukulu mukunena zoona, koma mwambi wa mano umene mukufunawo ulipo wakewake: mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Umenewo ndiye woopseza ndi mawa. Wa kachipandewu sunena za kupsa, unena za kukoma, ndipo makolo sankataya mawu pachabe.

Mwana wa ku Lizulu:

Zikomo nonse. Mayankho anu adandipatsa mphamvu yoimbira mayi foni dzulo usiku, ndipo ndamva nkhani imene pa zaka zanga zonsezi sindidaimvepo. Bambo adabwera pamudzi pathu ngati mkamwini, wopanda munda wakewake ndiponso wopanda mbale pafupi. Njira ya ku migodi ya ku Joni itatsegukanso mu 1977, iwo adalembetsa ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, n'kupita, kusiya mayi ali ndi mwana mmodzi kumsana ndi wina m'mimba, amene ndi ine. Kalata zidabwera kawiri kenaka zii. Amalume awo a mayi adayamba kunena poyera kuti mkamwini wathawa, kuti ankhoswe aitanidwe banja lithe, ndipo padali kale munthu wina wa ngolo ziwiri amene ankazungulirazungulira pakhomo.

Gogo amene bambo adamuloza uja, pa nthawiyo ali mayi wachitsikana ngati mayi anga, ankabwera madzulo aliwonse ndi therere m'kambale kobenthuka. Mayi akuti mnzawoyo sankawalangiza chilichonse, sankatchula bambo, sankatsutsa amalume. Ankangokhala pakhonde n'kumatongola nawo chimanga kufikira mwana atagona, ndipo podzuka ankangoti, "Tionana mawa, anzanga." Mayi akuti mawu amenewo ndiwo ankawachititsa kuti nkhani ya ankhoswe aziikankhira mawa lomwelo, mawa n'kukhala mwezi, mwezi n'kukhala chaka, mpaka tsiku lina bambo adatsika basi pa Lizulu ndi sutikesi, bulangeti ndi wailesi, zitadziwika kuti adagona m'chipatala miyezi yambiri mwala utawaphwanya phazi. Nzosadabwitsa kuti mwamuna wa gogoyu atamwalira, bambo ndi amene akhala akufolera nyumba yake chaka ndi chaka, ndipo ife tinkangoyesa kuti ndi chibale.

Ndidawafunsa mayi za kapasule, iwo adati kapasule amalowa kuchipinda ndi pakamwa, mnzawoyo ankathera pakhonde. Adaululanso, akuseka mpaka kutsokomola, kuti therere lija linkachuluka chidulo moti linkawawa kukhosi, ndipo mpaka lero mwiniwake sadauzidwe. Pomaliza ndidabwereza funso langa lija lakuti amene amayenderana ndani, anthu kapena zipande. Mayi adakhala chete pang'ono, kenaka adati: "Iwe, sukulu yonse ija, udaonapo chipande chili ndi miyendo?"