Kabuku ka mbiri ya Mangochi kayambire pati?

Mlembi wa gulu, Mbare: Abale ndi alongo ochokera ku Mangochi amene tili kuno ku Harare, komiti yagwirizana kuti ndalama zimene tasonkha chaka chino zisindikizire kabuku ka mbiri ya tauni yathu, koti tikapereke m'sukulu za kwathu komanso kwa ana athu obadwira kuno. Zimene talemba zikuyambira mu 1891, pamene boma la Harry Johnston linamanga linga la Fort Johnston (dzina lakale la tauni ya Mangochi) m'mphepete mwa Shire pofuna kutseka njira ya amalonda a akapolo. Tikupempha maganizo anu.

Gogo wa ku Mufakose: A Mlembi, ntchitoyi ndayamikira, koma zoyambira 1891 ndikukana. Linga lija linamangidwa pamenepo chifukwa panali kale mudzi waukulu wa mfumu Mponda, umene unkalamulira madoko a chigawo chimene Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe. Ayao asanafike n'komwe, Anyanja anali atakhazikika m'magombe amenewo, akuwedza chambo ndi kulima m'madimba, ndipo David Livingstone podutsa mu 1859 anapeza midzi ya anthu. Ngakhale ansembe a White Fathers anafikira kwa Mponda mu 1889, lingalo kulibe. Mdzukulu wanga, amene Chishona amachidziwa kuposa Chichewa, akadzawerenga kuti zonse zinayamba ndi mzungu, adzayesa kuti makolo ake anali alendo pa mtsinje wawo womwe, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Mayi wa ku Highfield: Agogo, mwanena zoona, komabe ine nkhawa yanga ndi umboni. Za nthawi ya atsamunda zimaoneka ndi maso: nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ilipo, mfuti ya sitima ya Guendolen ilipo, pamodzi ndi chikumbutso cha anthu amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Nanga za makolo tizitenga kuti? Ndiponso za ukapolo tidzazilemba bwanji, poti m'gulu lomwe lino muli zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa?

Gogo wa ku Mufakose: Mwana wanga, umboniwo uli m'kamwa mwa okalamba a kwa Mponda, ndipo chaka chilichonse tikuwaika m'manda. Gawo lina la ndalamazo tipatse aphunzitsi opuma a kwathu kuti ayende m'midzi akujambula mawu awo. Za ukapolo tilembe monga zinachitikira, osabisa mbali ya mafumu kapena ya atsamunda.

Mlembi wa gulu, Mbare: Tamva, Agogo. Zosindikiza taziimitsa kaye, ndipo maganizo onse awiri tiwakambirana pa msonkhano wa Lamlungu masana.