Ka injini ka pa njinga kakutsamwa ndikapatsa moto, ndi jeti kapena?

Wakapalasa:
Akuluakulu thandizeni. Ndinamangirira ka injini kachi China ka two-stroke (koyendera petulo wosakaniza ndi oyilo), kamene amati 80cc aka, pa njinga yanga yakapalasa. Kakulira bwinobwino koma ndikangopatsa moto wonse kamachita brrr brrr ngati kakutsamwa, mphamvu zii, pulagi yakuda bii. Ndimakhala ku Dedza. Ndigule kabuleta ina?

Makaniko_wa_mu25:
Osataya ndalama achimwene, kabuleta ilibe mlandu. Petulo akuchuluka kuposa mpweya basi. Ku Dedza ndi kumtunda, mamita opitirira 1,500, mpweya ndi wopepuka ndiye jeti (kabowo kodutsira petulo mu kabuleta) yomwe imakoka bwino ku Nsanje kwanuko imamwetsa injini mopyola. Zambiri zimabwera ndi jeti ya saizi 70, yesani 68, ikakana 66, kutsika pang'onopang'ono osati kulumpha ayi.

Mjomba:
Musanagule jeti tsegulani kaye pamwamba pa kabuleta, singano ija ili ndi timizere ndi ka kilipu, kwezani kilipuko mzere umodzi singano itsike, petulo achepa. Koma zimenezi zimathandiza pakatikati pokha, moto wonse ndi nkhani ya jeti. Fyuluta ya mpweya munatsuka liti? Fumbi lathuli imatsekeka msanga, choko (chotsekera mpweya poliza injini) nayonso onani ngati ikutsegukadi yonse.

Makaniko_wa_mu25:
Eya, ndipo pulagi izioneka ngati tiyi wamkaka. Ikayera mbuu mwachepetsa kwambiri, bwererani msanga, apo ayi pisitoni igwira chifukwa oyilo amalowera limodzi ndi petulo yemweyo.

Wakapalasa:
Fyuluta sindinaigwirepo chigulireni kkkk. Ndiyamba ndi imeneyo mawa.