Nambala 9 wanga wasiya kubwera ku tireningi

Kochi wa ku Chinamwali:
Makochi anzanga ndithandizeni, mutu waima. Nambala 9 wanga wa Under 17 sabata yachiwiri ino osaoneka ku tireningi. Gemu yapita ija anaphonya penate, pa hafu taimu ndinamukalipira pamaso pa anzake n'kumutulutsa. Ndikuvomera, ndinapsa mtima. Foni sakuyankha, anzake akuti akupalasa kabaza ku Matawale. Lamlungu tili ndi gemu ndipo wina wochinya ndilibe. Nditani?

Mdala wa ku Mpondabwino:
Musiyeni. Akabwera yekha, benchi magemu awiri. Mukamunyengerera, mawa timu yonse iyamba kukudererani.

Mayi wa netiboli, Domasi:
Achimwene, mwana wa msinkhu umenewo mawu a pagulu amamupweteka kuposa benchi. Musatume anzake, pitani nokha kwawo, muyambe mwaonana ndi makolo. Koma musamulonjeze ndalama kapena jombo kuti abwerere. Ine ndinagulirapo shuta wanga nsapato, timu yonse inati ndili ndi wapamtima, atsikana atatu anachoka osatsanzika.

Wa ku Songani:
Za kabazazo musazipeputse. Goloboyi wanga anasowa mwezi wathunthu, ine kumati wayamba matama. Nditakafika kwawo ndinapeza bambo ake ali gone, iye ali ku Kachulu kunyanja ya Chilwa pa ganyu ya nsomba. Amayi ake ndi amene anandiuza kuti masiku ambiri ankabwera ku tireningi osadya kanthu, ine n'kumamuthamangitsa maraundi khumi chifukwa chochedwa. Mpaka lero zimandiwawa. Mufunse za kunyumba kaye, za penate zibwere pambuyo.

Mdala wa ku Mpondabwino:
Ana ovutika tonse tili nawo, koma ena amabwerabe. Amene akubwera tsiku ndi tsikuwo muwauza chiyani mnyamatayo akayamba gemu Lamlungu? Benchi.

Aphunzitsi a ku Sadzi:
Nkhaniyi musailembe pa gulu la WhatsApp la timu, ana amajambula n'kumafalitsa. Ndipo ngati mupepese, mupepese pamene munamulakwira, pamaso pa anzake omwewo. Kupepesa kuseri iye aona ngati mukungofuna zigoli zake.

Mdala wa ku Mpondabwino:
Kochi kupepesa mwana pagulu? Ife tinaphunzitsidwa ndi asilikali, zimenezo kunalibe. Benchi magemu awiri, adzakulemekezani.

Mayi wa netiboli, Domasi:
Madala, kuopa ndi kulemekeza n'zosiyana. Amene akukuopani sangakuuzeni bondo likamamupweteka.

Wa ku Songani:
Gemu ya Lamlunguyo mukuchitira pa galaundi iti? Yathu madzi adzaza kugolo la kumunsi.